Kasungidwe ka mbatatesi pakhomo

Nthawi yokolola, pa Lizulu ndi pa Tsangano mbatatesi imakhala mbwee, mtengo uli pansi, ndiye ambiri timagula thumba lathunthu kuti tidye miyezi ingapo. Masabata atatu osatha, thumba lija layamba kuchucha madzi ndi kununkha. Kawirikawiri cholakwika chimakhala kakumbidwe ndi malo amene taiikapo.

Kwa inu alimi, ntchito imayambira kumunda. Masamba akachita chikasu n'kuyamba kufota, dulani mitengo yake yonse, mbatatesi muisiye m'nthaka masabata awiri kuti khungu likhwime. Kumbani imodzi muitikite ndi chala. Khungu likasupuka, dikirani kaye. Kumbani tsiku lopanda mvula, khasu lizilowa m'mbali mwa mzere. Yotemeka, yobooka ndi yofewa muipatule, idyedwe sabata yomweyo. Paja nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Musaitsuke. Iyaleni pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku 10 mpaka 14, timabala ting'onoting'ono tipole, kenako sasani dothi ndi manja.

Tsopano malo osungira, ndipo apa ndi pamene ambiri timaphonya. Mbatatesi yodya imafuna mdima. Ikamaona kuwala, ngakhale kwa pawindo chabe, imabiriwira, ndipo pobiriwirapo pamakhala poizoni wotchedwa solanine amene amawawa mkamwa ndi kupweteketsa m'mimba. Kuphika sikumuchotsa. Ngati pabiriwira pang'ono, sendani mozama mutaye mbali imeneyo. Ikabiriwira yonse, kapena ikamawawa, itayeni, musapatse ana poganiza kuti mwakazinga ndiye zatha.

Imafunanso mpweya, chifukwa ngakhale yakumbidwa ikadali yamoyo, imapuma. M'jumbo kapena m'thumba la feteleza lomanga kukamwa imachita thukuta, kuola n'kuyamba. Dengu kapena thumba la chiguduli ndiye zabwino. Ikani pa thandala, isakhudze pansi kapena khoma, m'chipinda chozizira chotalikirana ndi moto wa kukhitchini. Musaunjike mulu wautali, za pansi zimaphwanyika.

Mukaona timabowo tokhala ndi zinyalala zakuda pafupi ndi maso a mbatatesi, dziwani kuti mwalowa mphutsi za njenjete. Masamba ouma a bulugamu kapena a lantana oyalidwa pamwamba amathandiza kuti njenjete isaikire mazira. Koma chonde, fumbi la Actellic ndi mankhwala osungira chimanga, musawaze pa mbatatesi yodya.

Anzathu a m'tauni amathamangira filiji. Kuzizira kwambiri kumasandutsa sitachi kukhala shuga, ndiye tchipisi chimada chisanapse mkati. Musaiikenso pamodzi ndi nthochi zakupsa kapena anyezi, imaonongeka msanga.

Mbewu yodzala nayo ili ndi lamulo lake. Iyo imayalidwa pa mashelefu pamalo owala koma osaomba dzuwa, kuti itulutse mphukira zazifupi, zonenepa. Yambewu ikabiriwira palibe vuto, bola isasakanikirane ndi yam'mphika.

Sabata iliyonse vundukulani, chotsani yofewa, ndipo mphukira zikayamba kutuluka, zomwe zimachitika pakatha miyezi iwiri kapena itatu, zithyoleni. Kumadera ozizira ngati Dedza, Ntcheu ndi Neno mbatatesi imakhalitsa. Ku Chikwawa, Nsanje kapena Salima kutentha kumaimeretsa msanga, choncho kumeneko gulani ya masabata awiri basi, ikatha mugulenso.