Kuunikirana pulani ya radiotherapy wodwala asanagone pa makina

Pulani ya radiotherapy (chithandizo cha khansa chogwiritsa ntchito cheza champhamvu) isamapite ku makina itaonedwa ndi dokotala mmodzi yekha. Dokotala wina wa khansa, medical physicist (katswiri woyeza dozi ya cheza) ndi amene waikonza aione limodzi, makamaka malire a chotupa ndi a ziwalo zozungulira akangojambulidwa pa CT (zithunzi za m'kati mwa thupi), dozi isanawerengedwe. Mukadikira mpaka wodwala atalandira kale magawo angapo a chithandizocho, anthu amazengereza kusintha, poti ntchito yonse iyambiranso. Pa SBRT (radiotherapy yolunjika pamalo ochepa kwambiri), pomwe magawo sapitirira 5, kuunika mochedwa kulibe phindu, popeza gawo limodzi lokha limanyamula dozi yaikulu.

Yambani ndi zooneka zazing'ono. Kodi chotupa chili kumanja kapena kumanzere, ndipo lipoti la biopsy (kanyama kotengedwa pa chotupa kukayezedwa) likugwirizana nazo? Cholinga n'kuchiza kapena kuchepetsa ululu? Funsaninso ngati malo omwewo analandirapo radiotherapy kale, komanso ngati wodwalayo ali ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino).

Nthawi yambiri ithere pa malire. Onani chithunzi chimodzichimodzi, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati GTV (chotupa chooneka pa zithunzi) yajambulidwa pa MRI (mtundu wina wa zithunzi za m'kati mwa thupi), tsimikizani kaye kuti MRI ndi CT zalumikizidwa bwino pamalo pa chotupacho, chifukwa zikaphonyana pang'ono, zonse zotsatira zaphonya. CTV (chotupa pamodzi ndi malo amene khansa yosaoneka ingakhale itafika) itsate njira imene khansayo imafalikira, kuphatikizapo ma lymph node (tiziwalo timene timatupa munthu akadwala mwanabele) oyenera, koma isalowe m'fupa limene matenda sanalifike. Mpata wa PTV (malo owonjezera kuzungulira CTV poopa kuphonya wodwala akasuntha) ugwirizane ndi mmene wodwala amagonekedwera. Pa mutu ndi khosi, akavala masiki n'kumajambulidwa tsiku lililonse, mamilimita 3 mpaka 5 amakwanira.

DVH (girafu yosonyeza dozi imene malo aliwonse ojambulidwa akulandira) imanyenga. Malire akalakwika, iyo imaonekabe bwino, chifukwa imangowerenga zomwe mwajambula. Ndiye ioneni pomaliza: PTV ilandire pakati pa 95% ndi 107% ya dozi yolembedwa, spinal cord (mtsempha waukulu wa mumsana) isapitirire 45 mpaka 50 Gy (muyeso wa dozi) pa magawo a 2 Gy, avereji ya dozi ya parotid (chiwalo chopanga malovu cha pafupi ndi khutu) ikhale pansi pa 26 Gy, ndipo V20 ya mapapo (mbali ya mapapo yolandira 20 Gy kapena kuposa) isadutse 30 mpaka 35%. Kenako bwererani pa zithunzi, muone pomwe dozi yachuluka ndi pomwe yaperewera.

Pamsonkhano, achinyamata ayambe ndiwo kulankhula, chifukwa wamkulu akangoti “zili bwino”, ena onse amangogwedeza mutu. Lembani chomwe mwagwirizana: palibe chosintha, kusintha pang'ono, kapena kusintha kwakukulu koti chithandizo chidikire. Lembaninso amene akonze ndi tsiku lake, ndipo pulani yosinthidwa kwambiri ibwerenso kudzaunikidwa.