Mizere yakuda pa zithunzi za usiku

Ndimajambula zovala zimene ndasoka kuti ndiziike pa WhatsApp. Koma usiku zithunzi zinkatuluka ndi mizere yakuda ngati mbidzi. Ndinapukuta galasi la kamera, ndinathimitsa foni n'kuyatsanso, koma ayi ndithu.

Vuto linali babu lotchipa la LED. Magetsi athu ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amapita n'kubwerera m'waya ka 50 pa sekondi, choncho babu lotere limaphethira ka 100 pa sekondi. Diso siliona, koma kamera ikatsekula n'kutseka mofulumira imazigwira. Mu kamera ya foni ndinalowa pa Pro, pomwe munthu amadzisinthira yekha zinthu, ndinadina S (nthawi imene kamera imakhala yotsekula) n'kuika 1/50 ya sekondi. Mizere inatheratu pomwepo. 1/100 imathandizanso, koma 1/125 imabweretsanso mbidzi ija. Chithunzi chikawala kwambiri, tsitsani ISO, nambala ya mmene kamera imamvera kuwala.

Pa 1/50 dzanja likangonjenjemera chithunzi chimasokonekera, ndiye foni ndimaitsamiritsa pa njerwa. Sindinalipire kalikonse.