Mukapita ku Matobo kukaona zojambula za m'mapanga

Kwa anzanga okhala muno mu Harare amene mukuganiza zokaona paki ya Matobo, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35 kummwera kwa Bulawayo, ndikulangizani kuti mugone ku Bulawayo ndipo mulowe m'pakiyo m'mamawa, chifukwa miyala ya kumeneko imatentha kwambiri dzuwa likakwera.

Tengani chitupa chanu, pakuti okhala m'dziko muno amalipira zochepa kusiyana ndi alendo ochokera kunja. Dziwaninso kuti ndalama ya pachipata siyikwanira pa zonse: pamanda a Cecil Rhodes, mtsamunda wa ku Britain amene anaikidwa mu 1902 paphiri la Malindidzimu, pamalipiridwa padera.

Ine ndimaona kuti phanga la Nswatugi ndilo loyenera nthawi yanu yambiri. Muli zithunzi za nyamalikiti, ngoma (nyama za nyanga zopotana) ndi alenje, zimene anthu akale a mtundu wa San anajambula ndi utoto wofiira, ndipo amene munafikako ku Chongoni ku Dedza, komwenso kuli zojambula za pamiyala, mudzakhala ndi chofanizira. Musazikhudze ndi manja kapena kuziwaza madzi pofuna kuti zioneke bwino pafoni, chifukwa chinyezi ndi thukuta zimafufuta utotowo. Valani nsapato zogwira pansi, pakuti mwala umaterera mvula ikagwa.