Silikoni wamadzi akachita chifunga, muyeseni chonchi

Mwafunsa chifukwa chake silikoni amaonekera bwino akakhala wopyapyala, koma mukathira wambiri amachita mbuu. Silikoni wambiri amaikamo ufa wosalala kwambiri wa silica kuti asamang'ambike. Ufawu umamwaza kuwala, ndiye pamene pakhuthala kuwalako kumamwazika kwambiri.

Choyamba, onani mtundu womwe muli nawo. Silikoni amatchulidwa potengera mankhwala omuumitsa: wa platinum kawirikawiri amaonekera bwino kuposa wa tin, koma amadana ndi salufa ndi magolovesi a latex: akakhudzana nazo samauma, amangonanda. Valani a vinyl.

Silikoniyu amabwera m'magawo awiri oti musakanize, choncho yezani magawowo monga alembera pabotolo, ena 1:1, ena 10:1, ndipo takasani pang'onopang'ono. Mukamenya ngati mazira mumalowetsa mpweya, ndipo timathovu ting'onoting'ono timeneti ndi tomwe timawononga ntchito zambiri kuposa ufa uja. Silikoni wolimba ngati uchi amatsekera thovu mkati, wamadzimadzi amalitulutsa yekha. Ngati muli ndi makina okoka mpweya, ikanimo m'chitini chachikulu, chifukwa amafufuma kangapo asanaphwe.

Thirani mutakweza dzanja, kamtsinje kakang'ono, pakona imodzi. Pangani tizidutswa titatu toyesera, tokhuthala mamilimita 2, 5 ndi 10. Tikauma, tiikeni pa nyuzipepala n'kuwerenga zilembo.

Musaiwale chikombole chothiramo. Chikakhala chokhakhala, pamwamba pamatuluka chifunga ngakhale mkati muli bwino, choncho yeserani pachinthu chosalala ngati pulasitiki ya akiriliki. Ngati pa mamilimita 10 zilembo zikuvuta kuwerenga, gulani wolembedwa kuti optically clear (woonekera ngati galasi), ngakhale ndi wodula.