Mmene Mungadziwire Ngati Malamulo a Nduna Akugwirabe Ntchito Lamulo Lalikulu Litathetsedwa

Nyumba ya Malamulo ya Malawi ikathetsa lamulo, monga inachitira mu 2016 pochotsa lamulo la malo la 1965 n'kuikapo lina, pamatsala malamulo ang'onoang'ono amene nduna inakhazikitsa pogwiritsa ntchito mphamvu zochokera m'lamulo lakalelo: mitengo ya ziphaso, mafomu ndi ndondomeko zosiyanasiyana. Mfundo yakale, imene bwalo la ku England linatsimikiza mu 1916 pa mlandu wa Watson ndi Winch, ndi yoti tsinde likadulidwa nthambi nazonso zimauma, kupatula ngati pali mawu olembedwa ozipulumutsa. Ntchito yanu ndi kufufuza mawu amenewo.

Yambani ndi lamulo latsopanolo, ndipo pitani kumapeto kwake, chifukwa gawo lothetsa lamulo lakale limakhala kumeneko, ndipo kawirikawiri limanenanso kuti malamulo a nduna apitirire mpaka atachotsedwa. Onaninso mu Gazette, chikalata chimene boma limalengezeramo malamulo, tsiku limene lamulolo linayamba kugwira ntchito, pakuti kusayinidwa ndi mtsogoleri wa dziko sikutanthauza kuti layamba. Lamulo la makampani la 2013 linadikira mpaka 2016, ndipo nthawi yonseyo la 1984 linali ndi mphamvu.

Ngati gawolo silikunena kanthu, tsegulani General Interpretation Act, lamulo lomasulira malamulo ena onse, limene mungalipeze pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti losungira malamulo a Malawi. Pamenepa m'pofunika kudekha, chifukwa chitetezo chake chimadalira kuti mfundo zakalezo zalembedwanso m'lamulo latsopano. Dzifunseni ngati nduna ikadali ndi mphamvu yokhazikitsa lamulo lotere, ndiponso ngati zimene likunena sizikutsutsana ndi lamulo latsopanolo. Mphamvuyo ikachotsedwa osabwezeretsedwa, lamulo la nduna limasowa poima, ngakhale ofesi ina ikupitiriza kulipiritsa anthu potsatira lomwelo. Kuzolowera kwa akalaliki si umboni m'bwalo la milandu. Kukakhala kuti ndime imodzi yokha ndiyo ikutsutsana ndi lamulo latsopano, imagwa ndimeyo, zinazo n'kutsala.

Fufuzaninso mu Gazette ngati nduna sinatulutse kale malamulo ena olowa m'malo mwa akalewo, ndipo kumbukirani kuti gawo 5 la malamulo oyendetsera dziko limachotsa mphamvu lamulo lililonse lotsutsana nawo. Ngati nkhani yanu ikukhudza chindapusa, chiphaso kapena malo, pitani ndi mapepala onsewa kwa loya musanakane kulipira.