Momwe mungayerekezere liverwort ndi brittle star m'kalasi kuno ku Lusaka

Aphunzitsi anzanga a biology, ana amamvetsa msanga kusiyana kwa chomera ndi nyama akagwira okha ndi manja, ndipo liverwort, chomera, ndi brittle star, kanyama ka m'nyanja, zimawatsegula mutu kwambiri.

Yambani ndi liverwort chifukwa ndi waulere. M'nyengo yamvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, yang'anani m'mapoto a kunazale zamaluwa kapena pansi pa mpopi wodontha. Mukufuna mtundu wake wotchedwa Marchantia, kachomera kobiriwira kaphwatalala kokakamira dothi. Palani ndi mpeni pamodzi ndi dothi lake, muike m'kontena yotseka pamthunzi.

Ntchito ili pa brittle star. Imakhala m'nyanja zamchere zokha, ku Kariba musavutike n'kupitako. Muyenera kutuma munthu wopita ku Dar es Salaam. Ine ndinatuma wamalonda wina, ndalama n'kulipiriratu, koma anandibweretsera starfish yopaka utoto wofiira, n'kumaumirira kuti ndi yomweyo. Ndiye musanapereke ngwee, akutumizireni chithunzi pa WhatsApp. Brittle star ili ndi kathupi kozungulira pakati ngati batani, ndipo mikono yake isanu ndi yowonda, yochita kuonekeratu poyambira. Mikono ya starfish ndi yonenepa, yongolowerera m'thupi. Muuzeninso akulunge m'thonje, m'kabokosi kolimba, chifukwa m'basi imaphwanyika. Ikakhala yamoyo imadula dala mkono mdani akaigwira, wina n'kumeranso, koma youma ikathyoka basi yatha.

Mandala okulitsira otchipa akwana, maikulosikopu sikofunika. Ana atembenuze liverwort aone tiulusi toyera kunsi kwake. Si mizu, ndi marhizoid, ndipo chomerachi chilibe mitsempha yoyendetsa madzi, n'chifukwa chake chimakonda pachinyezi. Pamwamba aone timakapu tokhala ndi tizidutswa tobiriwira. Dontho la mvula likagweramo, tizidutswato timagwera patali n'kumera.

Atembenuzenso brittle star. Pakamwa pali kunsi, ndipo zotsalira za chakudya zimatulukira pomwepo. Dontheza viniga pa kachidutswa ka mkono, kachita thovu chifukwa mafupa ake ndi a calcium carbonate.

Zotsalazo alembe patebulo: kudya, kuyenda, kuberekana, kokhala. Liverwort amapanga chakudya ndi dzuwa, brittle star imakwawa ndi mikono kufuna tinyenyeswa. Mitundu ya brittle star imaposa 2,000. Mukamaliza, uzirani liverwort madzi, agwiranso ntchito kalasi ina.