Imelo Yanu Muziigwira Nokha Mukakhala Kunja

Maboma ambiri kunja kuno asiya kudalira positi polemberana ndi anthu awo, ndipo lamulo lake limakhudza alendo omwe. Ku Denmark, kuyambira pa 1 Novembala 2014, aliyense wa zaka 15 kupita m'tsogolo amene ali ndi nambala ya CPR (nambala ya m'kaundula wa anthu okhala m'dzikomo) amalandira makalata a boma m'bokosi la pa intaneti lotchedwa Digital Post. Kalata ikangolowa m'menemo, boma limati yafika, kaya mwaitsegula kaya ayi. Wolephera kugwiritsa ntchito kompyuta amakapempha ku khonsolo kuti azilandirabe mapepala. Ku Italy kuli PEC, imelo imene lamulo limailemekeza ngati kalata ya rejisitala. Ku Britain makadi a BRP (ziphaso za alendo ololedwa kukhala m'dzikomo) anatha mphamvu pa 31 Disembala 2024, ndipo chilolezo chokhalira m'dzikomo chili mu akaunti ya pa intaneti ya UKVI (ofesi ya boma yoona za visa ndi imigireshoni), imene polowamo amakutumizirani nambala pa imelo kapena pa foni.

Ndiye funso ndi ili: imelo imene munalembetsa pofunsira visa, anatsegula ndani? Ambirife anatitsegulira ndi ajenti, abwana, mwina mlamu, ndipo pasiwedi inatsalira komweko. Tsiku limene mudzayambane, makalata a imigireshoni azidzawerenga iwo, inu masiku oyankhira akutha. Tsegulani yanuyanu lero, mukasinthe ku ofesi iliyonse imene ili ndi yakaleyo. Ya kuntchito kapena ya kukoleji musailembetse pa za boma, chifukwa mukachoka amaitseka.

Nambala ya foni yobwezera pasiwedi nayonso yagwetsa ambiri. Mukasiya ya kumudzi, simu imene simuigwiritsanso ntchito, makampani amafoni amadzaipereka kwa wina, ndipo nambala zachinsinsi zizipita kwa munthu wosamudziwa. Ikani ya dziko limene mulilo, manambala apadera amene Gmail imapereka olowera mu akaunti foni ikasowa muwalembe papepala, musunge pamodzi ndi pasipoti. Google yomweyo inalengeza mu 2023 kuti akaunti yokhala zaka 2 osatsegulidwa ikhoza kufufutidwa.

Sabata isamathe musanayang'ane imelo yanu, ndi mu spam momwe, chifukwa makalata enieni amasocherera m'menemo. Koma uthenga wokuopsezani kuti mulipire lero lomwe podina linki, usiyeni. Lembani nokha adiresi ya webusayiti ya bomalo, ngati gov.uk, mukaone ngati nkhaniyo ilipodi mu akaunti yanu.